Baji ya Lorenso

Chipatala cha Mishoni,
Kwa Mbenje,
Nsanje.
16 Okutobala 2024.

Okondedwa achimwene a Petro,

Ndili ndi ulemu waukulu kukulemberani kalata ino pofuna kukudziwitsani kuti mwina ntchito yanga itha mwezi uno, ndipo sindikupepesa kwa munthu aliyense.

Choyamba ndivomere chimene ndinakubisirani. Inu mumadziwa kuti ndimakolopa m'chipinda cha ekisileyi. Koma kwa zaka zisanu ndi chimodzi, kukabwera mwana wolira kapena nkhalamba yonjenjemera, ndine ndimawagwira kuti asagwedezeke makina akamajambula, ena onse atabisala kuseri kwa khoma. Ogwira ntchito m'chipindamo amavala baji pachifuwa, yoyeza mphamvu ya makina imene yamenya thupi. Ine, pokhala wokolopa, sanandilembere yanga. Anandiveka ya Lorenso, amene anasiya ntchito kalekale n'kubwerera kwawo ku Mutarara.

Chachiwiri, chaka chino kunabwera mayi Veronika Thom kudzalowetsa mabuku onse a mabaji mu kompyuta, munthu aliyense dzina lake ndi nambala zake. Kompyutayo itaphatikiza zaka zonse, mzere wa Lorenso unatuluka wofiira, kusonyeza kuti mphamvuyo yapyola muyezo m'thupi mwake. Mayiwo anati, "Aitaneni a Lorenso akayezedwe magazi msanga." Ine ndinatsamiritsa mopu kukhoma ndi kunena kuti, "Mayi, Lorenso akuwedza nsomba ku Mozambique. Chifuwa chimene chimavala bajiyo ndi chino."

Lolemba lapitali akuluakulu a mu ofesi anandiitana. Anandiikira pepala loti ndisaine kuti bajiyo inkangokhala pamsomali m'chipindamo, sinavalidwe ndi munthu, kuti nambalazo zifufutidwe oyendera zipatala asanafike. Anati, "Iwe Alick, sainatu apa nkhani ithe. Ukufuna kutchuka? Kompyuta siidziwa dzina lako." Ndinayankha mwaulemu kuti, "Bwana, kodi msomaliwo ndiwo unkagwira ana aja?"

Motero ndikukudziwitsani kuti sindinasaine ndipo sindisaina. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma ikukwana kuwerenga bodza. Ndinapempha mayi Thom kuti alembe Alick Kaitano pamzere wofiirawo, ndipo analemba ine nditaima pambuyo pawo, ndikuwerenga chilembo chimodzichimodzi. Tsopano mu ofesi akunditcha wamwano. Ngati akufuna kundichotsa andichotse, koma zaka zisanu ndi chimodzizo ndi za thupi langa ndipo zikhala pa dzina langa.

Magazi ananditenga dzulo. Zotsatira akuti zituluka sabata yamawa. Pempho langa ndi lakuti musawauze amayi kwa Maseya.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Kuno kwatentha kwambiri, mvula sinayambe. Mlamu wanu Juliana akupereka moni. Iye akudziwa za ntchito zokha, ndipo akuti ndachita bwino. Za magazi sindinamuuze. Ngati mungathe, mubwere sabata yamawayo, kuti pomuuza tidzakhale awiri. Takhuta, zikomo kwambiri.

Ine mng'ono wanu,
Alick Kaitano