A Pulofesa ndi anthu a pamadenga

Lachinayi, 1 Sepitembala 2005, Romford.

Tsiku la lero landilemera. Foni ya achemwali ku America sikupezekabe, ndipo mzinda wawo wonse uli m'madzi.

Kuntchito, kunyumba ya okalamba, ndinakhazika a Pulofesa, mmodzi wa okalamba amene ndimawasamalira, pa TV. Moyo wawo wonse ankaphunzitsa mbiri ya nyimbo zachizungu zija za mavayolini. Mutu usanawasokonekere, ankakonda kundiuza kuti nyimbo za akapolo zinalowa m'maholo akuluakulu a ku America, eni ake akubwezedwa pakhomo. "Dziko limene lija limakonda mawu a munthu wakuda, osati mwini wake," ankatero.

Ndiye TV inaonetsa anthu akuda pamadenga mumzinda womira uja, akukupiza manja kuti helikopita iwaone. A Pulofesa anadzuka n'kuyamba kuwaimbitsa ndi supuni ya tiyi, akumwetulira. Ankayesa kuti ndi kwaya. Ine ndinkayang'ana nkhope imodziimodzi, kufunafuna achemwali.

Zinandikwana, ndinazimitsa. Anandigwira mkono.

"Mwawadula bwanji, a Grace? Sanamalize."

Ndinayatsanso. Tinaimirira pomwepo tonse awiri, iwo supuni m'manja, ine foni yosalira.