Mbale Zitatu pa Benchi ya Amayi

Mtakataka,
Dedza.
21 Ogasiti, 2016.

Okondedwa achemwali anga a Rosemary,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Karonga. Ine kuno ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Mudabwa kuti Tobias walemberanji kalata pomwe foni ali nayo. Chifukwa chake n'chakuti pafoni ndazolowera kukunamizani. Mukangoti, "Kumsika zikuyenda?" pakamwa panga pamayankha pokha kuti, "Zikuyenda, achemwali," mayunitsi n'kutha, nkhani n'kuthera pomwepo. Pepala silitha mayunitsi, ndiye lero mumva zonse.

Ndiyambe ndi chachikulu kuti mtima ukhale m'malo. Benchi ya amayi, pamsika wathu uja wa pansi pa mlambe, ikadali yathu. Msomali umene ankapachikapo kolona wawo ukadali pomwepo, ndipo usipa ndi utaka ndikugulitsa monga kale. Koma benchiyo inatsala pang'ono kupita, ndipo amene akanaitaya ndine.

Chimwalirireni amayi ndakhala ndikumwa kachasu. Simowa wa apo ndi apo ayi. Tsiku la msika, dzuwa likangofika pamutu, ndinkafunditsa nsomba ndi thumba n'kulowera kuseri kwa chigayo, pobwerako ndili munthu wina. Zimene ndinkachita ndikabwerako sindinkazikumbukira. M'mawa mwake ndikafunsa anzanga a kabaza kuti dzulo ndinatani, ankangoti, "Munatiseketsa, bwana." Ndiye ine ndinkadziona ngati katswiri wa nthabwala, munthu amene msika sungakome popanda iye. Uchitsiru wake umenewo.

Mukudziwa kuti makhansala anabwereranso. Wathu kuno ndi mayi Hilda Kamwendo, aja ankaphunzitsa sitandade 5, aafupi, oyenda ndi kope lachikuto cholimba. Atangosankhidwa anakhala pansi ndi komiti ya msika n'kupangana malamulo: kutukwana ayi, ndewu ayi, kukodza pakhoma ayi, zimkuzamawu zogonthetsa anthu m'khutu ayi. Wochenjezedwa katatu, malo ake apatsidwe wina. Ineyo pamsonkhano umenewo ndinaomba m'manja kuposa aliyense. Makalata onse atatu ochenjeza anandipeza, achemwali, ndipo onse ndinakulungira makasitomala usipa.

Miyezi itatu iliyonse mayi Kamwendo amabwera ndi anthu awiri a kukhonsolo kudzamva mmene msika ukuyendera. Poti ambiri salemba, ndipo ena amaopa kuyankhula pagulu, anapeza njira yawoyawo. Amabwereka mbale zitatu kwa a Maliko a tiyi, yoyera, yabuluu ndi yofiira, n'kuziika kuseri kwa chitenje. Akatchula nkhani, kaya ya ukhondo, kaya ya madzi, aliyense amapatsidwa njere imodzi ya chimanga n'kukaiponya payekha. Yoyera ndiye kuti zili bwino, yabuluu pakatikati, yofiira zalephereka. Ngakhale ntchito ya khansala mwini wakeyo imaponyeredwa njere. Mu Meyi muja mayiwo anthu anawadzazira mbale yabuluu chifukwa mjigo unatha miyezi iwiri uli wofa, ndipo iwo sanakwiye, anangolemba m'kope mwawo n'kunena tsiku limene udzakonzedwe.

Tsiku lomwelo, itafika nkhani ya bata pamsika, mbale yofiira inadzaza moti nkhuku ikanakhuta. Khansala anafunsa mlembi wa komiti kuti vuto lili pati. Mlembiyo anatchula woonetsa kanema pamsikapo ndi chimkuzamawu chake, yemwe anali ndi chenjezo limodzi, kenaka anatchula ine. Tobias, machenjezo atatu, malo achotsedwe.

Ndinaimirira mwamatama, chipewa chili kumutu. "A khansala, ine sinditukwana munthu. Ndimangocheza ndi anthu anga. Afunseni."

Amene anaimirira ndi Namaliya, mwana wa amalume a Laisoni, msuweni wathu uja wa pakamwa ngati lumo, amene pano akugulitsa mpunga moyang'anizana nane.

"A khansala, mundilole," anatero. "Uyu ndi mwamuna wanga wa chisuweni, ndiye zimene ndichite panozi mlandu palibe. Vuto lake sanadzionepo. Lero adzione."

Anandivula chipewa n'kuvala yekha, chitenje n'kuchikwinyira m'miyendo ngati buluku. Anayamba kudzandira uku akuimba nyimbo yanga ija ya kwaya, mawu ake atapotoka. Anagwa pa dengu la tomato, n'kudzuka, n'kulipatsa dengulo moni. Anthu anaseka mpaka misozi, a kukhonsolo omwe, ndipo ine ndinaseka nawo, ndikuti mumtima, mwaona, si nthabwala izi? Anapita pakhoma la sitolo n'kuima tang'a ngati akumasula zipi, amayi n'kumabisa nkhope m'zitenje ndi phwete.

Kenaka anatembenuka n'kukaima pamaso pa a Fainesi. Mukuwakumbuka a Fainesi a benchi yoyandikana ndi yathu, mnzawo wa amayi, amene anagona pansi m'chipatala ku Mua milungu itatu akuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Namaliya anawaloza chala m'maso, ndipo ndi mawu angaanga, mpaka kakhosomo kanga komwe, anati, "Nkhalamba iwe, unadya amayi anga kuti utenge malo awo. Ufiti wako tikuudziwa."

Phwete lonse linatha. A Fainesi sanayang'ane Namaliya, anayang'ana ine.

Ndinafunsa a Maliko amene anakhala pafupi nane kuti, "Ndinanenadi zimenezi?"

"Tsiku la msika lililonse, chimwalirireni amayi anu," anatero.

Achemwali, ndinalakalaka nthaka ikanang'ambika. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire. Anzanga ondiuza kuti ndimaseketsa aja onse anali atazyolika.

Khansala anatseka kope lawo. "Lamuloli tinapangana tonse, ndipo bambowa aliswa katatu. Ndikalilekerera lero, mawa lisanduka pepala lokulungira usipa." Apa ndinadziwa kuti za makalata zija anazimva. "Komabe wolakwiridwa kwambiri pano ndi mayi awa. Mayi, tiuzeni maganizo anu."

A Fainesi anayankha kuti, "Mawu aja anandipweteka, sindinama. Adzukulu anga kusukulu anzawo akuwathawa, akuti agogo awo ndi mfiti. Ine ndakhala pambali pa benchi imeneyo zaka makumi awiri ndi zisanu. Mnzanga atapita ndinati bola ndiziona nkhope ya mwana wake. Mukaikapo mlendo, kwa ine ndiye kuti mnzanga uja mwamuikanso m'manda kachiwiri. Koma mwanayu akhale munthu. Ndatopa."

Ndinalira pamaso pa msika wonse, bambo wa ndevu zanga.

Chigamulo chinali chotere. Ndikapepese kwa a Fainesi kunyumba kwawo motsogozedwa ndi amalume, ndipo ndibweze mawu aja poyera pamsika pomwe ndinkawanenera. Khoma lija ndizilitsuka ndekha m'mawa uliwonse wa tsiku la msika. Ndipo mu Ogasiti, pa nkhani zoponyera njere, padzaonjezeredwa ina, dzina lake Tobias. Mbale yofiira ikadzaposa zinzake, benchi yapita, osadzakambirananso. "Ine anthu andiponyera njere, inunso adzakuponyerani," anatero mayi Kamwendo. "Pano palibe wamkulu kuposa mbale."

Ndimawathokoza mayi amenewa. Akanatha kungowerenga lamulo n'kukwera njinga yamoto kumapita, palibe akanawadzudzula. Ndimathokozanso Namaliya, ngakhale kumuuza pamaso sindingayerekeze, angandiyende pamutu chaka chonse. Akuluakulu sananame, wakutsina khutu ndi mnansi. Kungoti uyu sanatsine, anachita kupotokola.

Kwa a Fainesi tinapita ndi amalume, tambala ali m'khwapa. Pofika amalume anangoti, "Ugwade, ndipo usafotokoze zambiri." Ndinagwada. Adzukulu aja anali pakhonde akundiyang'ana, ndipo kupepesa kwa anawo kunandivuta kuposa kwa agogo awo.

Miyezi itatuyi sinali yophweka, ndipo poti ndalonjeza zoona, ndivomere kuti mu Julayi ndinagwa kamodzi, paukwati wa ku Golomoti. Koma tsiku limenelo kanzeru kanatsalako. Ndinadzera m'minda mpaka kunyumba, msika osauyandikira, n'kudzitsekera. Kupatula apo sindinalawe. Nthawi ya masana, imene miyendo inazolowera kulowera kuchigayo, a Fainesi amangonditumiza kanthu, mwina kukatunga madzi, mwina kuwasankhira tomato woola, ngati sakudziwa chimene akuchita. Namaliya naye amakuwa ali pa mpunga wake, "Mwamuna wanga, khoma lako lauma, ukalithirire!" Mwezi woyamba ndinkatsukadi mkodzo wa anthu ena, n'kumatukwana chamumtima, mpaka ndinazindikira kuti kale wina ankatsuka wanga. Pano aliyense woyandikira khomalo amakumana ndi ine, ndipo ndi loyera kuposa la tchalitchi.

Lachinayi lapitali ndiye linali tsiku. Mjigo unakonzedwa, ndipo khansala ulendo uno anthu anawapatsa yoyera. Wa kanema anatsitsa chimkuzamawu. Itafika nkhani yanga anandikhazika pa benchi ya amayi, anthu n'kuyamba kulowa kuseri kwa chitenje mmodzimmodzi. Njere ikagwa m'mbale yachitsulo imamveka, koma siuza kuti yagwa m'mbale iti. Ndinamva njere iliyonse, dzanja langa lili pa msomali wa amayi uja.

Atachotsa chitenje, yoyera inali ndi mulu, yabuluu pang'ono, yofiira njere zisanu ndi ziwiri. Khansala analemba m'kope n'kunena kuti, "Bambo Tobias, malo ndi anu. Koma mu Novembala tibweranso." Namaliya sanadikire. "Imodzi mwa zofiirazo ndi yanga, kuti usadzimve!" Zisanu ndi imodzi zinazo eni ake sindikuwadziwa, ndipo sindikuwafufuza. Ali ndi zifukwa zawo, ndinawapatsa ndine.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira kuyambira pamwamba. Anthu atabalalika, Namaliya anabwera kudzakhala pambali panga, nthabwala atazisiya. Anati pali mawu ena amene mu Meyi muja sanawatengere pagulu, chifukwa ngakhale chisuweni chili ndi malire. Akuti ndikamaliza ndi a Fainesi ndinkakwera pa benchi n'kumakuwa kuti Rosemary anathawa matenda a amayi, anangobwera kudzadya nyama ya pamaliro.

Achemwali, ine ndikudziwa kuti munali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Ndikudziwa kuti adokotala anakuletsani ulendo, koma inu munakwerabe basi tsiku lonse miyendo itatupa. Amene anathawa matenda a amayi ndine, amene ndinali pamtunda wa njinga kuchokera ku Mua koma ndinkaopa kuwaona akutha, n'kusiyira a Fainesi. Mlandu wanga ndinausenzetsa anthu awiri amene anachita zimene ine ndinalephera. Ndipo ndikudziwa kuti mawuwo anakupezani, chifukwa nkhani za pamsika zimakwera basi. Makhirisimasi awiri simunabwere, koma pafoni simunandifunsepo, mumangoti, "Ukudya koma?" Madzi akatayika saoleka. Sindikupempha kuti muiwale. Ndikungoti ndinalakwa, mundikhululukire.

Amalume akupereka moni, ndipo akuti chiliza cha amayi timange mu Okutobala mvula isanagwe. Namaliya akuti muuze alamu kuti mpunga wa kuno ukuposa wa kwanuko, akatsutsa abwere adzalawe. A Fainesi akupatsani moni wambiri. Malambe ali m'kathumba kamene ndatumiza ndi kalatayi ndi ochokera kwa iwo, akuti ndi a mwana amene anabwera kumaliro ali m'mimba, amene mpaka lero sanamuone. Nanenso sindinamuone. Mumuuze kuti ali ndi malume ake ku Mtakataka.

Mu envelopumu mupezamo njere imodzi ya chimanga. Si yodzala, ndipo ana asaiseweretse. Msika wonse waponya, mwatsala inu. Mukabwera mu Okutobala ndidzabwereka mbale zitatu zija kwa a Maliko, ndidzaziika pa benchi ya amayi, ndipo ndidzayang'ana kumbali. Mbale iliyonse imene mudzasankhe ndidzailandira. Chachikulu mudzabwere nayo nokha.

Ndine mlongo wanu,
Tobias.