Namondwe si njinga ya makala

Lachinayi madzulo. Kunali mphepo ndi fumbi tsiku lonse, koma mtima wanga uli myaa.

Ndatha zaka zisanu ndikupesa mahatchi ndi kuwola ndowe m'khola, ndipo mwezi uno ndi pamene andilola kuwalumphitsa zotchinga. Lero ndinakwera Namondwe, hatchi yaikazi yofiirira. Kawiri konse tinagwetsa mtengo wopingasa wa pachotchinga. Ndikangoona chotchinga chikuyandikira, manja amakoka zingwe okha. Ndi chizolowezi cha njinga. M'komboni yathu ino ya Kalingalinga ukaona dzenje pamsewu umafinya mabuleki, ndipo ine ndinakulira ponyamula makala panjinga.

Ba Mwansa, amene amatiphunzitsa, anandiimitsa. "Ba Phiri, iyi si njinga ya malasha. Imwe nchito yanu ni kuionetsa njira na liwiro. Mukafika pafupi, isiyeni. Ili na maso."

Zinandinyansa. Mumtima ndinati munthu ameneyu akufuna ndithyoke khosi anthu akuona. Komabe kachitatu ndinamugwira bwino Namondwe pokhota, ndipo titatsala pang'ono kufika ndinatula manja pakhosi pake. Iye anadziyezera yekha n'kunyamuka, mtengo osaukhudza n'komwe.

Loweruka akweza chotchinga pang'ono, ndipo mkazi wanga akuti abwera kudzaonera. Chimene sindikudziwabe n'chakuti kugwira kumathera pati ndipo kusiya kumayambira pati. Ba Mwansa akuti zimenezo andiuza ndi Namondwe, osati iwo.

Pobwerera kunyumba panjinga, padzenje lina la pamsika, ndinafinya mabuleki mwamphamvu. Njinga ilibe maso.