Manja Ambiri pa Khanda la Nyima

Lolemba, 2 Sepitembala, Brikama

Mvula kuyambira m'mawa. Ndakumbukira mayi anga, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, atagunditsa khutu pachifuwa cha mwana wanga woyamba. "Sirra, muli kamphaka umu," anatero. Tinaseka. Patatha masiku anayi tinamuika mwanayo m'manda.

Lero Nyima, mwana wanga wamkazi, wabereka mwana wamwamuna. Wafulumira ndi milungu isanu. Ine chimfine, kukhosi kukanda. Sindinapite.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Kaddy, namwino woyandikana nane, wakana kulowa m'nyumba, walankhulira pawindo. Akuti kachilombo ka nyengo ino, RSV, kwa wamkulu n'chimfine wamba, kwa khanda kamatseka timitsempha topumira. Kamayenda m'malovu ndi m'manja.

Ndaimbira apongozi a Nyima. Ndapempha kuti pa kulliyo, mwambo wopatsa dzina, mwana asamayende m'manja mwa aliyense. Aseka. "Asewere, mwana ndi dzira kodi? Bwerani mudzadye mbuzi, mabuku akuzunguzani mutu."

Lolemba, 9 Sepitembala

Kulliyo wachitika popanda ine. Ndaonera pafoni. Mwanayo amumeta tsitsi, kamutu ngati lalanje. Akulu a banja amunong'oneza dzina m'khutu ndi kumulavulira madalitso, m'modzi akutsokomolera m'nsalu. Kenako azakhali, anansi, ana asukulu. Aliyense kumpsompsona. Ndawerenga anthu khumi ndi asanu ndi anayi.

Dzina lake Alasana. La malemu mwana wanga. Amati andisangalatse. Chiyambire maliro aja sindinalitchulepo pakamwa, ndipo lero bwalo lonse limaliimba.

Loweruka, 14 Sepitembala

Masana. Nyima pafoni, akuti mwana sakuyamwa bwino. Ndamuuza ayike foni pachifuwa cha mwanayo.

Kamphaka kaja. Mawu omwewo, osasintha ngakhale pang'ono, ngati kanangodikira penapake zaka zonsezi.

Ndafunsa za nthiti. Zikulowa mkati akamapuma. Milomo yatuwa. Ndakuwa kuti athamange kuchipatala osadikira mwamuna wake. Ndatsala chiimire m'khitchini, ketulo ikulira, ine kuopa kuizimitsa.

Lachitatu, 18 Sepitembala

Tsiku lachisanu ali pa mpweya wa m'mapaipi. Kaddy akuti mankhwala opha kachilomboka palibe, n'kumuthandiza kupuma basi mpaka thupi lipambane lokha.

Kumsika amayi awiri anasiya kulankhula nditafika. Ndinamvabe: "Mwini dzina wabwera kudzalitenga." Ndikudziwa kuti ndi malovu ndi manja. Ndinaziona ndi maso. Komabe pobwerera ndinaima pa mpanda wa manda, mvula ikundinyowetsa, n'kunena chamumtima: musiye mnzako, mwanangu.

Apongozi a Nyima andiimbira foni kawiri. Kupuma kokha, kenako kudula.

Lolemba, 23 Sepitembala

Amuchotsa mapaipi dzulo. Wayamwa mbali zonse ziwiri. Changa chimfine chinatha sabata yatha.

Nyima wandiitana Lachinayi, teni koloko, kunyumba kwake. Mlendo m'modzi patsiku, sopo pakhomo, nsalu kukamwa, osampsompsona. Malamulo akuti aika apongozi ake omwe aja, ndipo akhala pakhomo ndi beseni.

"Koma amayi," anatero, "musadzati 'kamwanaka'. Mudzamuitane dzina lake."

Kwatsala masiku atatu. Ndayesa kulitchula kamodzi kuseri kwa nyumba. Mawu atuluka theka.