Nyemba zanu zinamera kwa eni

Amayi, kodi kumeneko mukupuma bwino?

Lero yakwana miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku anayi chikuikireni m'manda. Kuno ku Chisenga tilipo. Mlongo wanga Tusekile anabereka mwana wamkazi Lachitatu lapitali, ali ndi chipumi ngati chanu. Chimanga chachita bwino kumunda wakumtunda, koma wakudambo unamira.

Pali nkhani imene ndinkaopa kukuuzani. Nyemba zanu zamawangamawanga, zimene munkasunga mumphika wa phulusa kuti zikhale mbewu, zinaphikidwa pamaliro anu. Amayi ophikira anthu sanadziwe. Ine ndinazindikira titadya kale.

Kwina kumene zinatsala ndi kwa mng'ono wanu ku Misuku. Mu Januwale ndinapita panjinga, masiku awiri. Anandipatsa mbale imodzi yosadzaza, theka la zimene anali nazo. Ndinazimanga m'jumbo, jumboyo m'thumba, thumbalo pakaliyala.

Ndinanyamuka Lachinayi m'mawa kuli chifunga choti sindinkaona ngakhale nthochi za m'mbali mwa msewu. Kenaka mvula. Mabuleki anasiya kugwira potsetsereka, choncho ndinkatsika n'kumayenda nayo. Matope ankadzaza m'madigadi mpaka tayala kukana kuzungulira. Ndinakolokosa ndi kamtengo kasanu ndi kawiri, kenaka ndinangomasula madigadiwo n'kuwasiya patchire. Zala zinauma ndi kuzizira, ndinkaziika m'khwapa kuti ndithe kugwira sipanala.

Masana ndinagwa powoloka kamtsinje. Madzi anali m'chiuno. Njinga ndinaigwira, koma jumbo inali itang'ambika pamene chingwe chinkakhula.

Kutsogolo kunali mtsinje wina wodzaza, wosawolokeka. Ndinaodira panyumba ya mphunzitsi wina wochokera kum'mwera, munthu wosamudziwa. Anandibwereka malaya ouma, ndipo ndinakhala kwawo Lachisanu ndi Loweruka, mvula osakata. Nyemba ndinaziyala pamkeka pafupi ndi mbaula, koma zinali zitatupa. Loweruka madzulo zina zinayamba kutulutsa kamuzu koyera.

Ndinakumbukira mmene munkandikalipira ndili mwana: "Lusekelo, yatupa imeneyo, usaivutitse ndi dzuwa. Ikwirire." Kwathu kunali kukadali tsiku lathunthu, ndipo mtsinje unali usanaphwe. Lamulungu m'mawa, mundikhululukire, ndinagwira khasu. Ndinapempha malo kuseri kwa nyumba ya aphunzitsiwo n'kudzala mapando zana limodzi ndi makumi anayi, ziwiriziwiri. Sindinathe n'kuwauza bwino chifukwa chake.

Lolemba ndinafika kunyumba ndi thumba lopanda kanthu. Tusekile analiyang'ana. Chifuwa chinandigoneka masiku asanu ndi anayi.

Miyezi itatu yonseyi sindinagone bwino, Amayi. Aphunzitsi amasamutsidwa. Mbuzi zimadya. Munthu akhoza kuthyola masamba n'kuphika ndiwo, ndipo sindikanamuimba mlandu.

Loweruka lapitali ndinabwererako, msewu uli wouma. Ndinapeza anatchingira malowo ndi minga. Mapando makumi atatu ndi limodzi anawola, ena onse anabereka. Akazi a aphunzitsi aja anali atamenya kale nyembazo, kupeta, n'kusunga osalawako ngakhale imodzi. Tinayeza pamodzi: mbale zisanu ndi imodzi.

Ankafuna nditenge zonse. Ndawasiyira ziwiri. Imodzi ipita kwa Tusekile, imodzi ibwerera ku Misuku, ziwiri ndidzala ndekha m'munda mwanu. Ndikukulonjezani kuti mbewu yanu sidzagonanso m'nyumba imodzi yokha.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Lusekelo