Dzanja M'kati mwa Mulu wa Fodya

Kaluluma, Kasungu
18 Meyi 2024

Okondedwa mlongo wanga Ezelina,

Kuno tilipo. Mwendo wa amayi wayamba kupola, ndipo fodya tikumanga mabelo. Moni wathera pomwepa, chifukwa kalata yako yandikwiyitsa.

Ukuti ukufuna kusiya kafukufuku wako kuti ubwere kudzandithandiza m'chigafa. Iwe? Amene unkasoka fodya ngati ukusoka thumba la makala? Usandiseketse.

Pafoni ndinakuuza kuti pepala la kafukufuku wako unatumiza lija sindinalitsegule. Ndinanama. Ndaliwerenga kanayi, mpaka lada ndi utomoni wa fodya. Poyamba ndinkafuna kupezamo cholakwa. Sindinachipeze, ndipo zinandiwawa.

Ndamva chonchi, undikonze ngati ndaphonya. M'milalang'amba yakutali ija nyenyezi zongobadwa kumene zimabisika m'fumbi, choncho wowerenga ndi kuwala kokha amapeza zochepa. Iwe ukuyeza kutentha kwa fumbilo, n'kudziwa kuti pachaka zikubadwa zingati. Ezelina, nditafika pamenepo ndinaimirira ndekha ngati wamisala. Si zimene bambo ankachita zija? Ankapisa dzanja m'kati mwa mulu wa fodya, osaugumula, n'kunena kuti wayamba kutentha, tiutembenuze. Iwe wapisa dzanja m'kuwala kumene kunanyamuka dziko lino lisanakhaleko.

Nditawafotokozera amayi anati, "Kani nyenyezi zimabadwanso? Nanga azamba ake ndani?"

Ndinati, "Mwana wanu yemwe uja, wosatha kukoleza moto."

Anaseka mpaka kutsokomola. Lamlungu anakauza amvano onse, ndipo mayi Fainala akufunsa ngati ungawaonereko za mvula ya chaka chamawa.

Tsopano imva zimene zandilembetsa. Ndikudziwa kuti chimene chikudya mtima wako ndi mawu ndinalankhula pa chiliza cha bambo, anthu ali phee, akuti ndinasiya yunivesite kuti iwe uziwerenga nyenyezi. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikukusenzetsa bodza limeneli. Chilungamo chake n'chakuti m'chaka chachitatu ndinalakwa mayeso a masamu, n'kuuzidwa kuti ndibwereze. Ine Davison, amene Kaluluma yense ankanditchula kuti profesa, kukakhala kalasi imodzi ndi ana? Ndinalongedza katundu. Maliro a bambo anangondipeza ndili kale pa depoti, chikwama kumanja. Kalata ya kusukulu yondiuza kuti ndibwereze ikadali pansi pa sutikesi, ndipo amayi sakudziwa. Ndiwauza mawa ndikatumiza ino, kuti ndisakhalenso ndi pothawira.

Ndiye ukati ubwere chifukwa cha ine, dziwa kuti ukubwerera munthu amene sanakutayirepo kanthu. Ukuti mlalang'amba wachitatu uja ukukana kugwirizana ndi inzake, ndipo watopa nawo. Bwerezanso. Mawu amenewa ine ndinawakana, ndipo ndikudziwa kumene kukana kwake kumafikitsa munthu: pa jeke, kudinda mabelo, n'kumakonza galamala ya ogula fodya.

Amayi akupereka moni, akuti uzivala juzi poti kumeneko kwayamba kuzizira. Mlamu wako Tithokoze akuti mtedza wako wasunga. Ubwere pa Khirisimasi ngati mlendo, osati ngati waganyu.

Chiwerengero cha wachitatu uja ukachipeza, aphunzitsi ako adikire kaye. Uyambe wandiuza ine.

Ndine mlongo wako wamwano uja,
Davison