Za M'mimba Mwanu Ndizimvera kwa Azakhali?

Amayi,

Tandiyankheni: munabereka ine kapena mlamu, mkazi wa achimwene? Moni ndikupatsani, koma funso limeneli litsogole. Kaya mwadzuka bwanji? Musati bwinobwino, mawu amenewo andikwana. Ine kuno ndilipo, kungoti denga la chipinda changa likudontha ndipo mwini nyumba wangoti zii.

Azakhali andiuza pa foni kuti munadzimbidwa mpaka mimba kuuma ngati ng'oma, ndipo munanong'oneza mlamu yekha. Iye anakuperekezani kuchipatala, n'kukauza adokotala kuti thupi silikukuyenderani. Mwabwerako ndi mapiritsi a mutu. Masiku omwewo ine ndinkaimba, inu n'kumati muli bwinobwino.

Ntchito yanga mukuidziwa, ngakhale anthu mumangowauza kuti ndimagwira ya m'nyumba. Ndimasamala agogo ena amene sathanso kuyenda. M'mawa ndikamawasambitsa amandiuza okha ngati achita chimbudzi, cholimba kapena chofewa, ngati mkodzo watuluka woyera kapena wofiirira, ngati pokodza akumva kuwotcha. Akaphwisa timaseka tonse, iwo n'kumati injini yalira, lero tifika. Kwa ife bwinobwino ndiye zimenezo: munthu wadya, wageya, wakodza, wachita chimbudzi, wagona tulo. China chikasowapo si bwinobwino ayi.

Ndiye taganizani. Za m'mimba mwa mayi wa eni ndikuzidziwa zonse, koma za m'mimba momwe ndinagona ine ndizimvera kwa azakhali!

Ndili mwana munkanditsina pakamwa ndikati ndikufuna kukodza. Munkati mtsikana wolongosoka amati akukataya madzi. Tsopano mwamupeza wolongosokayo, wogwada, wodziwa za kudzithandiza ndi kupita kuseri. Ndamvanso kuti nsalu ija ndinakutumizirani akuvala ndi iye. Sindikumuda ayi, amakusamalani. Koma ulemu wakewo sunakutseguleni m'mimba, ndipo chibale n'fupa, sichiola.

Pempho langa ndi limodzi. Bwererani kuchipatala sabata ino. Mukalowa, mlamu andiimbire, foni aiike patebulo, adokotalawo ndiyankhule nawo ine. Inu ngati n'zochititsa manyazi ingoyang'anani pansi, mawuwo nditchula ndine, manyaziwo ndisenzanso ndine. Ndipo ndikadzaimba Lamlungu, mundiuze ndi pakamwa panu ngati mwachita chimbudzi. Ndiyambe kumva ine.

Moni kwa achimwene, azakhali ndi ana onse. Mlamu, ndikudziwa kuti mukuwerengera amayi kalatayi ndinu. Werengani mokweza, osalumpha liwu ndi limodzi lomwe, osasinthanso kukodza kukhala kutaya madzi. Mukamaliza, nsalu ija muichape, muibweze kwa mwini wake.

Ndine mwana wanu woyamba,
uja mumati Pakamwa